Kope la m'chikuta: kulemba za khanda ndi za mayi ake tsiku ndi tsiku

Funsani mayi amene wachira masiku 4 apitawo kuti khanda layamwa kangati chiyambire dzulo. Akuyankhani kuti "kambirimbiri", kapena angoti "kaya". Sikuti ndi wosasamala ayi. Munthu wogona modukizadukiza, akangoti atseke maso mwana wayamba kale kulira, mutu wake sugwira kanthu, ndipo Lachiwiri ndi Lachinayi zimangofanana. Vuto lake limaoneka tsiku limene mwana wadwala. Mwafika kuchipatala, anamwino akufunsa mafunso awo aja: wayamwa komaliza nthawi yanji, wakodza kangati lero, chimbudzi chikuoneka bwanji. Mayi kuyang'ana agadiyani, agadiyani kuyang'ana kudenga.

Kope wamba la ana asukulu limayankha mafunso amenewa. Limathandizanso pa nkhawa ija imene imagwira amayi ambiri pakati pa usiku, yakuti "kodi mkaka wangawu ukumukwanira?" Bere lilibe mizere ngati botolo, choncho zimene zalowa m'mimba mwa mwana sizioneka. Zimene zimaoneka ndi zotuluka, ndipo zotulukazo zimawerengeka. Malangizo awa ndi a masabata 6 oyamba, makamaka awiri oyambirirawo.

Zofunika kukhala nazo

- Kope limodzi la mizere. Lisakhale lomwe mumalembamo ngongole za pa okala kapena za banki m'khonde.
- Bolopeni yomangirira ku kopelo ndi kachingwe. Yosamangirira imasowa tsiku lachiwiri.
- Wotchi kapena foni yoonetsa masekondi.
- Tochi yaing'ono ya usiku.
- Choyezera kutentha kwa thupi, ngati mungakwanitse kugula ku famase.
- Chibangili kapena kalabala kovala pamkono.
- Mabuku a kuchipatala, la mayi ndi la mwana.
- Makapu awiri ndi nyemba zodzadza dzanja, ngati wothandiza mayi sadziwa kulemba.
- Munthu wachiwiri: bambo a mwana, agogo, mchemwali, aliyense wogona m'nyumbamo. Ameneyu ndiye wofunika kuposa zonse zili pamwambazi, chifukwa mayi woyamwitsa manja ake onse amakhala otanganidwa.

1. Dzadzani tsamba loyamba musanatuluke m'chipatala

Koperani kuchokera m'mabuku a kuchipatala: tsiku ndi ola limene mwana wabadwa, kulemera kwake, ngati wabadwa masiku atakwana kapena ayi, ngati mwachira bwinobwino kapena pa opareshoni, katemera amene walandira, ndi mankhwala onse amene mwapatsidwa, a mayi ndi a mwana. Katemera woyamba ndi BCG wa pamkono ndi wa poliyo wodonthezera mkamwa. Ngati mwatuluka asanalandire, lembani zimenezo m'zilembo zikuluzikulu.

Pansi pake lembani masiku obwerera kuchipatala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi ndi khanda aonedwe kanayi: m'maola 24 oyamba, pakati pa maola 48 ndi 72, pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, ndiponso pa sabata ya 6. Afunseni anamwino madeti enieni a chipatala chanu, muwalembe ndi dzina la tsiku lomwe, monga "Lachitatu pa 14".

Pomaliza manambala a foni: mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, Chipatala Cha Pa Foni (kumene mumaimba foni kuti mulandire malangizo a zaumoyo), ndi anthu awiri a njinga yamoto kapena galimoto amene angadzuke usiku.

*Chenjezo:* musaiwale ola lobadwira. Mwana wobadwa 11 koloko usiku, kukacha sanathe tsiku limodzi ayi, wangotha maola 7. Masiku a m'kope muno amawerengedwa kuyambira pa ola limenelo.

2. Jambulani mizere

Tsegulani kope pakati pa masamba awiri oyang'anizana. La kumanzere ndi la mwana, la kumanja ndi la mayi, ndipo masamba awiriwo ndi a tsiku limodzi. Pa tsamba la mwana jambulani mizere yotsika kuti pakhale zigawo 4: nthawi, bere, thewera, ndi zina.

Musalembe ziganizo, ingoikani zilembo. Chichewa chathu chili ndi kamsampha pano: kumanja ndi kumanzere onse amayamba chimodzimodzi, ndiye "K" kapena "M" sakuthandizani. Tengani J wa kumanja ndi Z wa kumanzere. K akhale mkodzo, B akhale kubiba. Tsamba lizioneka chonchi:

Tsiku 3, Lachisanu
6:10, J Z, K
8:40, Z, K B, chobiriwira
11:05, J, anagonera pabere, tinamudzutsa

Wosadziwa kulemba aziponya nyemba imodzi m'kapu yoyamba mwana akayamwa, ina m'kapu yachiwiri akasintha thewera lonyowa. M'mawa wina awerenge nyembazo n'kulemba. Makapuwo akhale pamwamba, kutali ndi mkulu wake wa khandalo, chifukwa nyemba imalowa m'mphuno mosavuta.

Amene mumakonda foni mutha kudzitumizira timauthenga pa WhatsApp, nthawi imadzilemba yokha. Koma foni imatha moto, ndipo agogo sangaitsegule inu mutagona. Ine ndimasankha kope.

3. Lembani kuyamwa

Lembani nthawi imene mwana wayamba kuyamwa ndi bere limene wayamwa. Mphindi zake musavutike nazo. Khanda limafunika kuyamwa ka 8 mpaka ka 12 pa maola 24, usiku womwe, ndipo ena amapitirira pamenepo.

Mukamaliza kuyamwitsa, sunthirani chibangili ku mkono wa mbali imene mudzayambire ulendo wotsatira. Mwana amalize bere limodzi mpaka lifewe, kenako mum'patse linalo ngati akufuna.

Kuyamwa koyenera kulembedwa ndi komwe mwana akumeza. Mukatchera khutu mumamva kaphokoso kakang'ono pakhosi pake, ndipo chibwano chimatsika pang'onopang'ono. Kukamwa kuzikhala kotsegula kwambiri, chibwano chitagunda bere, mlomo wam'munsi utapindikira kunja, ndipo mbali yakuda ya bere izioneka yambiri pamwamba pa kamwa kuposa pansi. Mwana wongolumira kunsonga atha kukhala pabere ola lathunthu osakhuta, mayi n'kutsala ndi zilonda. Kuyamwa kotero muikepo chizindikiro cha funso, ndipo zizindikirozo zikachuluka pa tsamba limodzi pitani anamwino akakuoneni mukuyamwitsa.

Masiku awiri kapena atatu oyamba kumatuluka mkaka wochepa, wokhuthala, wachikasu. Osaufinyira pansi. Ndi womwe umateteza mwana ku matenda, ndipo kamimba kake panthawiyo n'kakang'ono kwambiri moti timadontho timeneto timakwanira. Mkaka wambiri umabwera cha pa tsiku lachitatu kapena lachinayi. Lembani tsiku limene mwamva mabere kulemera.

*Chenjezo loyamba:* mwana wogona kwambiri amatamandidwa kuti "ndi wofatsa, savuta". M'masabata awiri oyamba, akadutsa maola atatu osayamwa mudzutseni: muvuleni zofunda zina, musintheni thewera, musisiteni kuphazi. Izi n'zofunika koposa kwa mwana wobadwa masiku osakwana, wochepera makilogalamu 2.5, kapena wachikasu.

*Chenjezo lachiwiri:* kope lisasanduke belu la kusukulu. Mwana akayamba kufunafuna bere, kunyambita milomo, kuyamwa zala, m'patseni ngakhale atayamwa mphindi 30 zapitazo. Madzulo ambiri amayamwa mobwerezabwereza kwa maola angapo, ndipo si umboni wakuti mkaka watha.

Chilichonse chimene chalowa mkamwa mwa mwana kupatula bere chilembedwe: madzi, gripe water, mankhwala achikuda, mkaka wa m'chitini. Malangizo a chipatala ndi kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6, popanda ngakhale madzi. Koma ngati wina wam'mwetsa kanthu inu muli kubafa, kubisa sikuthandiza dokotala. Lembani chomwe chinali, ndi nthawi yake.

4. Werengani matewera

Apa ndi pamene pali yankho la funso la mkaka lija, choncho tikhalitsepo.

Mkodzo umakwera ndi masiku. Tsiku loyamba thewera limodzi lonyowa ndi lokwanira, lachiwiri awiri, lachitatu atatu, lachinayi 4. Kuyambira tsiku la 5 kapena la 6, yembekezerani matewera onyowa 6 kapena kuposa pa maola 24, mkodzo wake woyera kapena wachikasu pang'ono, wosanunkha kwambiri. Masiku awiri kapena atatu oyamba mutha kuona kadontho kofiirira ngati fumbi la njerwa pathewera. Panthawiyo si zodetsa nkhawa, koma kakamaonekabe tsiku la 4 litadutsa, mwanayo sakupeza mkaka wokwanira.

Matewera a nsalu savuta, kunyowa kwake kumaoneka. Mapampasi ndi omwe amapusitsa chifukwa amamwa mkodzo n'kuoneka ouma. Chitani izi kamodzi: thirani masupuni aakulu atatu a madzi mu pampasi yatsopano, muinyamule m'dzanja. Kulemera kumeneko ndiye thewera lonyowa loyenera kuliwerenga. Njira ina ndi kuyala kansalu koyera kofewa mkati mwake.

Chimbudzi chimasintha mtundu, ndipo mtunduwo ndi umene mukulemba. Choyamba ndi chakuda, chomata ngati phula la pamsewu, ndipo chimayenera kutuluka m'maola 24 oyamba. Cha pa tsiku lachitatu chimasanduka chobiriwira. Pofika tsiku la 4 kapena la 5 chimakhala chachikasu, chofewa, chokhala ndi tinthu ngati timbewu, kawiri kapena kuposa patsiku. Amayi ambiri oyamba kubereka amathamangira kuchipatala poganiza kuti mwana watsegula m'mimba, pomwe ndi mmene chimbudzi cha mwana woyamwa bere chimakhalira. Kutsegula m'mimba kwenikweni ndi madzi okhaokha olowerera munsalu, kobwera pafupipafupi kuposa masiku onse, ndipo "masiku onsewo" mumawadziwa chifukwa munalemba.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati:

- mwana sanakodze kapena sanabibe m'maola 24 oyamba;
- chimbudzi chikadali chakuda pa tsiku la 5;
- matewera onyowa sakufika pa nambala ya tsikulo, kapena atsika mwadzidzidzi;
- chimbudzi ndi choyera kapena chotuwa, zomwe zimatha kusonyeza vuto la chiwindi lofunika kuligwira msanga;
- muli magazi m'chimbudzi, kapena mwana akusanza zobiriwira.

Ana ena aakazi amatulutsa timagazi pang'ono kapena zoyera kumaliseche m'sabata yoyamba, ndipo makanda ena, aamuna omwe, amatupa timabere. Zimachokera ku thupi la mayi ndipo zimatha zokha. Lembani, koma timabereto musalole aliyense kutifinya, pamatuluka chithupsa.

5. Muyang'aneni thupi lonse kamodzi patsiku, kunja kutawala

Sankhani nthawi imodzi, monga m'mawa posintha zovala, pafupi ndi windo kapena pakhomo. M'chipinda cha m'chikuta mumakhala mdima, mwana atakutidwa mashawelo atatu, ndipo chikasu chimatha masiku osaonedwa. Sambani m'manja ndi sopo, chitani mwachangu kuti asazizidwe.

*Khungu ndi maso.* Dinani pang'ono ndi chala pamphuno kapena pachifuwa, muone mtundu wa pamene mwadinapo. Pa khungu lakuda yang'anani koyera kwa maso, nkhama, zikhatho ndi kunsi kwa mapazi. Chikasu chimayambira kunkhope n'kumatsika. Lembani pamene chafika: nkhope, chifuwa, mimba, miyendo. Chikasu chilichonse akachione azaumoyo, koma choyamba m'maola 24 oyamba, chofika kuzikhatho ndi kumapazi, kapena chopitirira masabata awiri, n'chothamanga nacho. Kumuyanika mwana padzuwa si mankhwala ake.

*Mchombo.* Uzikhala wouma, thewera lipindidwe pansi pake. Umagwa wokha, nthawi zambiri pakati pa sabata imodzi ndi awiri. Lembani tsiku limene wagwa, pajatu ndi tsiku limene akuluakulu amalidikira kuti mutuluke m'chikuta. Ngati kuchipatala anakupatsani mankhwala opaka pamchombo otchedwa chlorhexidine, pakani monga anakuuzirani, ndipo muusunge kutali ndi mankhwala a m'maso, chifukwa ukalowa m'diso umaononga. Phulusa, mafuta, ndowe, zitsamba, ayi. Kufiira kofalikira pamimba, mafinya kapena fungo loipa ndi ulendo wa kuchipatala.

*Kupuma.* Mwana ali phee, wosalira, werengani kukwera kwa kamimba kwa mphindi yathunthu. Musawerenge masekondi 15 n'kuchulukitsa, makanda amapuma mothamanga kenako n'kuima pang'ono. Mukapeza 60 kapena kuposa, werenganinso. Ikabwerezanso nambala yomweyo, nyamukani.

*Kutentha.* Choyezera chiikidwe m'khwapa. Pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5 ndi bwino. Ngati mulibe choyezera, gwirani pamimba ndi kumapazi ndi kuseri kwa dzanja lanu. Mwana wozizira muikeni pachifuwa cha mayi khungu kukhudza khungu, chipewa kumutu, mufunde nonse, monga amachitira pa njira ya kangaroo.

*Liwombo.* Kugunda kwake n'kwachilengedwe, sikufuna mankhwala opaka. Lolowa mkati kwambiri limasonyeza kuchepa kwa madzi m'thupi, lotukuka mwana asakulira ndi chizindikiro choopsa.

Zonse zikakhala bwino, ingochongani kamodzi pansi pa tsamba. Zolemba zambiri ndi za tsiku limene china chasintha.

6. Chongani mankhwala mutapereka, osati musanapereke

Pamwamba pa tsamba lililonse jambulani kabokosi ka mankhwala alionse. Mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV amapatsidwa mankhwala monga nevirapine tsiku lililonse kwa masabata 6 oyamba, ndipo pa sabata ya 6 amayezedwa magazi n'kuyamba Bactrim. Mayi amapitiriza ma ARV osadumphitsa. M'nyumba ya anthu awiri osamalira mwana, onse osagona, n'kosavuta kum'patsa kawiri kapena osam'patsa n'komwe, aliyense akuganiza kuti mnzake wapereka. Kabokosi kaja kamathetsa mkangano.

Kumbukirani kuti kope limakhala pa mphasa, ndipo alendo odzaona mwana amatsegula chilichonse. Simukukakamizidwa kulemba dzina la mankhwala. Ikani kanyenyezi kapena kamtanda komwe tanthauzo lake mukulidziwa inu nokha.

7. Tsamba la kumanja ndi la mayi, lisakhale lopanda kanthu

Alendo akabwera amafunsa za mwana, kumunyamula, kukangana kuti wafanana ndi yani. Mayi amangofunsidwa kuti "mwadzuka bwanji", iye n'kuti "ndadzuka bwino", chifukwa ndi mmene tinaleredwera. Komatu masiku oyamba atachira ndi amene mayi amakhala pa chiopsezo chachikulu. Tsamba lake likhale ndi izi:

*Magazi.* Mapadi kapena nsalu zingati mwasintha, ndi mtundu wake. Amayamba ofiira, kenako ofiirira, kenako otuwa, ndipo amatha kutenga masabata 4 mpaka 6, akucheperachepera. Akayambanso kufiira ndi kuchuluka atachepa kale, lembani ndipo mukaonedwe.

*Ululu.* Mutu, mimba, mabere, bala la opareshoni kapena pamene anasoka. Lembani ngati lero kuli bwinoko kapena kwaonjeza poyerekeza ndi dzulo. Kupota kwa m'mimba poyamwitsa masiku oyamba ndi chiberekero chikubwerera m'malo.

*Mankhwala.* Oonjezera magazi, opha ululu, ndi ena onse.

*Kudya, kumwa ndi kupita kuchimbudzi.* Timizere basi. Mukaona kuti 2 koloko masana yakwana mayi atangomwa tiyi, vuto si la mayi, ndi la apakhomo.

*Tulo.* Maola onse pamodzi, usiku ndi masana.

*Mumtima.* Liwu limodzi lokha: bwino, kutopa, kulira, mantha, kukwiya. Kulira popanda chifukwa chenicheni cha pa tsiku lachitatu mpaka lachisanu kumachitikira amayi ambiri, ndipo kumatha pasanathe masabata awiri. Koma mukatsegula masamba m'mbuyo n'kupeza "kulira, kulira, mantha, kulira" kupitirira masabata awiri, mayi osafuna kudya, osagona ngakhale mwana atagona, osamva chikondi pa mwana wake, amenewo ndi matenda a nkhawa obwera munthu atachira. Si ulesi, si kulodzedwa, ndipo chithandizo chake chilipo. Kunena pakamwa kumavuta. Kumutsegulira namwino tsamba n'kuloza ndi chala n'kosavutirapo.

Lembaninso tsiku limene msambo wabwerera. Kuyamwitsa kumateteza ku mimba ina pokhapokha zinthu zitatu zili pamodzi: mwana sanakwane miyezi 6, akuyamwa mwakathithi usana ndi usiku, ndipo msambo sunabwerere. Chimodzi chikasowa, chitetezo chatha. Nkhani ya kulera ikambidwe pa ulendo wa sabata ya 6 kapena usanafike.

8. Werengetsani m'mawa uliwonse, muli awiri

Ntchito iyi ndi ya bambo kapena wothandiza uja. Awerenge kuti mwana wayamwa kangati (J Z pa mzere umodzi ndi kuyamwa kumodzi), awerenge K payekha ndi B payekha, alembe manambala atatu pansi pa tsamba n'kuwazunguliza. Kenako ayang'ane tsamba la mayi. Ngati tulo sitinafike maola 4, akonze lero lomwe: mwana akangoyamwa, wina amutenge, amugeyetse, amusinthe, chitseko chitsekedwe, alendo auzidwe kuti mayi agona.

Ndili gadiyani wa mng'ono wanga, ndinaona kuti bambo a mwana amene amangozungulira pakhomo osadziwa chogwira, ukawapatsa bolopeni amasintha. Amayamba kufunsa okha kuti "kodi wa 3 koloko uja anayamwa mbali iti?" Kopelo limathandizanso posinthana: wobwera kudzalandira mwana safunika kudzutsa mayi kuti afunse chilichonse.

9. Pitani nalo kusikelo

Tsamba lomaliza la kope likhale la mafunso. Funso likabwera 2 koloko usiku, lilembeni pomwepo, chifukwa pamzere wa kusikelo mitu imauma. Anamwino amakhala ndi anthu ambiri, choncho musawapatse kope lonse kuti awerenge. Auzeni manambala: "Dzulo wayamwa ka 9, matewera onyowa 4 okha, dzana analinso 4, lero ndi tsiku la 7."

Koperani kulemera kwa mwana ulendo uliwonse. Makanda amatsika thupi masiku oyamba, koma asatsike kupitirira gawo limodzi mwa magawo 10. Wobadwa ndi makilogalamu 3 asafike pansi pa 2.7, ndipo pofika masabata awiri azikhala atabwerera pa 3 paja. Lembaninso madeti a katemera wa pa masabata 6, 10 ndi 14.

10. Chepetsani, kenako siyani

Mwana akabwerera pa sikelo yake yobadwa nayo, akuyamwa bwino, matewera akukwana, siyani kulemba nthawi. Ingoikani timizere. Pofika sabata ya 6 zotsala ndi mankhwala, sikelo, katemera, mafunso ndi liwu lija la mumtima. Mwana akadwala, kapena mayi akamabwerera kuntchito n'kumusiya ndi womulera, yambiraninso kulemba zonse kwa masiku angapo. Wobadwa masiku osakwana, pitirizani mpaka achipatala atakhutira ndi kukwera kwa sikelo yake.

Izi sizolemba, n'zonyamuka nazo

Usiku kapena usana, ikani kope m'chikwama muzipita.

Kwa mwana: wakana kuyamwa kapena akuyamwa mofooka, wakomoka kapena akugwedezeka ziwalo, akupuma ka 60 kapena kuposa pa mphindi, nthiti zikulowa mkati, kapena akubuula, walefuka, sakutakataka pokhapokha mutamugwedeza, watentha kupitirira 37.5 kapena wazizira pansi pa 35.5, zikhatho ndi mapazi zachita chikasu, maso atupa ndipo akutuluka mafinya. Panjira muyamwitseni ngati akutha, ndipo akhale pachifuwa chanu.

Kwa mayi: padi yadzadza pasanathe ola limodzi kapena kukutuluka zibuma zikuluzikulu za magazi, chizungulire kapena kukomoka, mutu waukulu limodzi ndi kusaona bwino kapena kutupa nkhope, chifukwa BP imatha kukwera ngakhale mutachira kale, kutentha thupi, zotuluka zonunkha, bala kutupa kapena kutsekuka, bere lofiira, lotentha, lowawa, katumba wa mwendo umodzi kutupa ndi kuwawa, kubanika, maganizo ofuna kudzipweteka kapena kupweteka mwana.

Zolakwika zimene ambiri amachita

*Kulemba zonse madzulo kuchokera m'mutu.* Zikatero mwalemba zomwe mukuganiza, osati zomwe zachitika. Mukaiwala, siyani mpata. Mpata ndi wabwino kuposa nambala yopeka, chifukwa namwino adzaikhulupirira.

*Kumusiyira mayi bolopeni.* Wachira, akuyamwitsa, akuchapa matewera, ndiye akhalenso kalaliki? Kope likakhala ntchito ina pamwamba pa ntchito zake, latembenuka kukhala katundu.

*Kudikira kuti manambala aipe.* Mayi akati "mwanayu sali bwino" pomwe kope likuonetsa kuti zonse zakwana, mverani mayi. Kope limangosunga zomwe mwaona, silinaphunzire udokotala.

*Kuyerekeza ndi mwana wa aneba.* Wawo amagona maola 4, wanu awiri. Yerekezani mwana wanu wa lero ndi wa dzulo.

*Kuwerengera kugona kuti muone ngati "wayamba ndondomeko".* Khanda limagona maola 14 mpaka 17 patsiku, koma modukizadukiza, ndipo silidziwa usiku ndi usana. Chofunika pa tulo ndi kagonedwe: chagada, pamalo osawofoka, nkhope yosaphimbidwa, mkati mwa neti.

*Kuchita mantha chimbudzi chikachepa patsogolo.* Akadutsa masabata 6, ana ena oyamwa bere lokha amatha masiku angapo osabiba. Ngati akukodza bwino, mimba ndi yofewa, ndipo chikabwera n'chofewa, musamuike sopo kumatako. M'masabata oyamba ndi momwe kusabiba kumafunika kukaonetsa.

*Kulisandutsa buku la milandu.* "Taonani, dzulo munangomuyamwitsa ka 7." Apongozi kapena bambo akayamba kulankhula chonchi, mayi amayamba kulemba zabodza kuti apeze mtendere. Nambala ikatsika, funso lake ndi lakuti tithandize bwanji. Ndipo ngati mayi mwiniwake akudzuka usiku kuwerenga timizere mobwerezabwereza, mtima uli m'mwamba, mulandeni kopelo mwaulemu, alembe wina, ndipo nkhawayo ikatchulidwe kwa anamwino.

*Kuliiwala pakhomo tsiku la sikelo.* Likhale m'jumbo imodzi ndi mabuku a kuchipatala, jumboyo m'chikwama cha matewera. Jumbo imalitetezanso ku mvula ndi ku mkaka, chifukwa inki ya bolopeni ikanyowa, masamba atatu amasanduka banga limodzi.